MAKINA OMVERA CALA NDI NDARAMA ZA ASODZI

Anthu amene anayendako ku Mzuzu kapena ku Lilongwe anaona makina a galasi lowala m'masitolo ndi m'nyumba zomwera mowa. Munthu akakhudza galasilo ndi cala, zithunzi zimasuntha ngati kuti makinawo amva mau. Ena ngolipirira katundu, koma ena ngochovera juga. Tsopano juga yomweyo yafika ku Chintheche, Kande, Mpamba ngakhale ku Usisya, pakuti foni ya m'thumba iri ndi galasi lotere. Nkofunika kuti anthu a kunyanja adziwe m'mene makinawa agwirira nchito.

Galasi limamva bwanji?

Palibe matsenga. Pansi pa galasi pali timizere ta magetsi tosaoneka ndi maso. Thupi la munthu limatenga magetsi, cotero cala cikafika pa galasi magetsi a pamalopo amasintha pang'ono, ndipo kompyuta ya m'kati imadziwa pamene pakhudzidwa. Nzeru imeneyi anailongosola E. A. Johnson wa ku England m'caka ca 1965, pofuna kuthandiza anthu otsogolera ndege.

Ubwino wace ulipo. Kuyambira pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, msodzi wa ku Usisya akhoza kulandira ndarama za usipa wace osadikira Ilala. Koma khomo lolowera ndarama ndi lomwelo lotulukira.

Wopambana ndani?

Makina a juga si acilendo. Charles Fey anapanga ochuka oyamba ku San Francisco m'zaka za m'ma 1890. Lero anyamata ambiri amakonda masewera a kandege ochedwa Aviator, amene kampani ya Spribe inatulutsa mu 2019. Kandege kamakwera, ndarama nazo zioneka ngati zikukwera, ndipo wosewera ayenera kukhudza galasi kasanathawe. Iye amayesa kuti apambana ndi cangu ca cala cace. Koma malo othawira kandegeko kompyuta imasankha mwamaere kasanayambe kuuluka, ndipo palibe angawadziwe poyang'ana masewera apitawo.

Eni masewerawa amanena okha kuti pa K100 iriyonse amabweza K97 kwa osewera onse pamodzi. K3 yotsalayo ioneka yocepa, koma aphunzitsi ayese samu iyi ndi ana a sukulu. Msodzi wapeza K10,000 pa usipa. Aiponya, apata pang'ono, aiponyanso, kufikira waponya K10,000 kokwana 20. Zonse pamodzi waponya K200,000, ndipo gawo la eni makina pa ndarama zotere ndi K6,000. Tsiku lina adzapata, tsiku lina adzataya zonse, koma akamasewera masiku ambiri samuyo siphonya. Ndarama zimene mmodzi wapata nzimene anzace ataya.

Lamulo likuti ciani?

M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la juga, ndipo bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority ndilo lipereka ziphaso. Wosunga makina a juga wopanda ciphaso alakwira lamulo. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kuchova juga, kaya pa makina kaya pa foni.

Mafumu, aphunzitsi ndi makolo acenjeze anyamata, ndipo mwini sitolo wolola ana kusewera amnenere ku polisi. Msodzi amene wagona panyanja usiku wonse ndi nyali ayambe wapatula ndarama za ukonde, za mafuta, za fizi ya ana ndi za pakhomo asanakhale pansi ndi foni. Mwera ukaomba masiku angapo mabwato osalowa m'madzi, banja lidzadya zimene zinasungidwa. Makina sadzabweza kanthu.