Osoka Alipo, Nanga pa Chithunzi Pali Ndani?

Mukatsika minibasi pa boma la Mchinji, kapena pa Kamwendo tsiku la msika, makina osokera mumayamba mwawamva musanawaone. Atelala ali ndandanda m'makonde mwa masitolo, tepi ili m'khosi, zitenje zayanikidwa pa chingwe. Mukayang'anitsitsa, pambali pa makina ena mupeza ndodo zoyendera zotsamiritsidwa kukhoma, kapena njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Utelala ndi imodzi mwa ntchito zochepa zimene Amalawi tinavomereza kalekale kuti munthu waulumali angathe kudyerapo.

Zimenezi sizinangochitika zokha. Bungwe la MACOHA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1971, lakhala likuphunzitsa anthu aulumali kusoka ndi maluso ena ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi ku Lilongwe, komanso lili ndi fakitale yoluka ku Bangwe mumzinda wa Blantyre. Lamulo latsopano la mu 2024 linasintha bungweli kukhala MACODA. Komabe atelala ambiri, aulumali ndi opanda ulumali omwe, sukulu yawo inali khonde: kuyamba ndi kusomeka mabatani, kenako mipendero, mpaka tsiku limene mwini makina wakukhulupirira n'kukupatsa sizasi kuti udule nsalu ya kasitomala.

Ntchitoyi ku Mchinji imayendera kalendala ya mlimi. Mtedza, soya ndi fodya zikagulitsidwa, zinkhoswe ndi maukwati zimabwera motsatizana, telala n'kumagona mochedwa. Mu Ogasiti pali Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ndipo Achewa ambiri opita kwa Kalonga Gawa Undi amafuna kuwoloka malire pa Mwami atatchena. Sukulu zikamatsegulidwa ndi nyengo ya mayunifolomu. Koma Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama yonse yathera ku feteleza ndi chimanga, makina amangodya zigamba ndi kuchepetsa zovala za pa kaunjika. Nsalu zina zimachokera ku Lilongwe, zina ku Chipata, pafupi pomwepa kuseri kwa malire.

Telala amene miyendo yake siigwira ntchito sangapalase makina ndi mapazi. Amapukusa ndi dzanja limodzi, linalo likuwongolera nsalu, ndiye chovala chimene mnzake watha m'mawa iye amachimaliza masana, pomwe mtengo wosoketsera ndi umodzimodzi. Makina amagetsi akanamuthandiza, koma ndi odula, ndipo magetsiwo mukuwadziwa. Telala wosamva amagwirizana ndi kasitomala poloza zithunzi ndi kulemba miyezo m'kabuku. Kunena zoona, kabukuko kamachepetsa mikangano imene ife akumva timayambitsa ndi pakamwa.

Tsono tiyeni kumene chovala chimakopera wogula. Kuno kuwonetsa zovala si ntchito yolandirapo malipiro pa mwezi. Wowonetsa amakhala mdzukulu wa telala, mkwatibwi amene diresi yamukhala, kapena mtsikana wa pa saluni yoyandikana nayo. Wina amujambula pa foni, chithunzi n'kupita pa WhatsApp ndi Facebook, basi malonda alengezedwa. Palinso zipepala za masitayilo zomatidwa kukhoma, olemba zikwangwani amene amajambula dona wamtali pakhoma la sitolo, ndi zidole zovekedwa madiresi pakhomo. Ine ndakhala ndikuyang'ana zithunzi zoterezi, ndipo wokhala pa chikuku, woyendera ndodo kapena wachialubino sindimupezapo. Manja amene asoka diresiyo angakhale a mayi waulumali, koma foni ikatuluka, amaitana wina.

Nkhope ya munthu waulumali timaionera pa zikwangwani za mabungwe, akulandira thandizo. Tinazolowera kumuona ngati wopatsidwa, mwakuti kumuona ngati wogula, wokonda kutchena ngati wina aliyense, kumatidabwitsa. Chonsecho kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wina wake, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Mchinji yokha inali ndi anthu opitirira 600,000. Wamalonda wodziwa masamu awerengere yekha makasitomala amene sakuwaitana.

Ndipo makasitomala amenewa ndi amene amafunitsitsa telala, chifukwa belo la kaunjika silinawaganizire. Thalauza ya munthu wokhala pa chikuku iyenera kukwera kumbuyo n'kutsikako kutsogolo, yopanda matumba akumbuyo kapena msoko wokhuthala, poti kuukhalira tsiku lonse kumabala zilonda. Woyendera ndodo zam'khwapa malaya ake amayamba kutha m'khwapamo, ndiye pamafunika kulimbitsa. Amene zala zake sizigwira bwino amavutika ndi timabatani ting'onoting'ono. Wachialubino amafuna malaya a manja aatali, kolala yophimba khosi ndi chipewa cha khonde, chifukwa dzuwa limamubweretsera khansa yapakhungu. Koma bwanji zovala zomutetezazo zizikhala zosaoneka bwino? Chipewa cha khonde cha chitenje chofanana ndi diresi chingakhale sitayilo imene akumpingo onse angasirire. Nzeru zimenezi telala waulumali anazidziwira pathupi pake, ndipo apa anzake a pakhonde ayenera kumugwadira.

Kwina zinthu zayamba kusuntha. Mu 2019 Thando Hopa wa ku South Africa, loya komanso wowonetsa zovala, anakhala mayi woyamba wachialubino kuoneka pachikuto cha magazini ya Vogue, ya ku Portugal. Chaka chomwecho kuno ku Malawi bungwe la anthu achialubino la APAM linachititsa ku Lilongwe mpikisano woyamba wa chiphadzuwa ndi mnyamata wa dzitho pakati pa anthu achialubino, pa nthawi imene anthuwa ankasakidwa ndi kuphedwa mwankhanza. Kuyenda monyadira pamaso pa chikhamu m'masiku ngati amenewo kunali kulimba mtima kwenikweni. Koma mpikisano ndi wa usiku umodzi, ndipo ndi wawo okha. Ine ndidzati zasintha ndikadzaona wachialubino pa chithunzi chotsatsa suti ya ukwati, popanda mawu ofotokoza za khungu lake.

Zimenezi sizikudikira kampani ya ku Blantyre. Inu atelala a ku Mkanda, Kapiri ndi Waliranji, kasitomala wanu wa pa chikuku diresi ikamukhala, mupempheni chilolezo, mumujambule, ndipo kangachepe kamene mumapatsa ena kapena kuchotsera mtengo kumene mumawachitira, nayenso mumuchitire chimodzimodzi.