Chiwongolero Chikayamba Kunjenjemera

Lero tikambirane za vuto la galimoto zikuluzikulu za pikiapu limene anthu a ku America amalitcha death wobble. Vutoli limagwira kawirikawiri galimoto zonga Ford F-250, F-350 ndi Ram 2500, zimene magudumu ake akutsogolo amalumikizidwa ndi ekiselo imodzi. Pikiapu ya Land Cruiser imene timaiona m'misewu yathu idapangidwanso motero.

Galimoto yotere ikagunda dzenje ili pa liwiro, gudumu limodzi limapatsira linzake kugwedezeka, ndipo mutu wonse wa galimoto umanjenjemera koopsa. Gwero lake nthawi zambiri ndi chitsulo chotchedwa track bar, chimene chimagwira ekiselo kuti isasunthire m'mbali. Mphira zake zikatha, kapena bawuti ikakhwepa, ekiselo imayamba kusewera. Ma ball joint ndi ma tie rod okutha, matayala operewera mpweya, ndiponso magudumu osawongoledwa bwino zimakulitsa vutoli.

Zikakuchitikirani, gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri, chotsani phazi pa mafuta, ndipo musaponde mabuleki mwadzidzidzi. Liwiro likachepa, kunjenjemerako kumaleka.

Kugaraja, munthu wina apotoze chiwongolero uku ndi uku galimoto itaima, makaniko akuyang'ana kunsi kuti aone chitsulo chimene chikusewera. Ambiri amathamangira kugula steering damper yatsopano, koma iyo imangobisa vuto. Chitsulo chokuthacho chikapanda kusinthidwa, kunjenjemera kudzabweranso, mwina tsiku limene mwanyamula anthu.