Alendo Akadza Mwaunyinji, Boma Ligwire Ndodo Iti?

Pa 17 Meyi 2023, apolisi ndi anthu a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko anazinga madera angapo a mzinda wa Lilongwe, natseka magolosale a anthu amene ife timangowatcha Maburundi, ngakhale ena mwa iwo kwawo ndi ku Rwanda kapena ku Congo. Ndipo amuna, akazi ndi ana mazanamazana anakagona m'ndende ya Maula, kudikira magalimoto owatengera ku msasa wa Dzaleka. Ku Mgona makontena a katundu anagwidwa. Zonsezi zinachitika popanda Mtsogoleri wa dziko kulengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, pakuti lamulo la othawa kwawo la 1989, pamodzi ndi mfundo ya boma yoti wothawa kwawo akhale mu msasa, zinali zokwanira m'manja mwa Unduna wa za Chitetezo cha M'dziko.

Komabe mphekesera ikangomveka kuti alendo akhamukira m'malire, monga zinachitikira kumapeto kwa 2024 pamene anthu pafupifupi 13,000 a ku Mozambique anathawira ku Nsanje ndi ku Chikwawa chifukwa cha zipolowe za chisankho, mawu amodzimodzi amamveka kwa wogulitsa mumsewu wa Malangalanga ndi kwa bwana wokhala m'mpanda wautali ku Area 10 kapena ku Area 43: boma lipatsidwe mphamvu zapadera, litseke malire, limange aliyense wopanda zikalata popanda kutaya nthawi ndi makhoti.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 sanasiye khomo limeneli chitsegukire. Ndime 45 imalola Mtsogoleri wa dziko kutenga mphamvu zotere pa nthawi ya nkhondo, ya chiopsezo cha nkhondo, ya nkhondo ya pachiweniweni kapena ya ngozi yaikulu yachilengedwe basi. Ayenera kuyamba wavomerezedwa ndi komiti ya chitetezo ya Nyumba ya Malamulo, ndipo pakatha masiku 21 chilengezocho chimafa chokha, pokhapokha magawo awiri mwa atatu a aphungu onse atachitalikitsa, nthawi iliyonse osapitirira miyezi itatu. Kuchuluka kwa alendo mulibe m'ndandanda umenewu. Amene analemba ndimeyi sanaiwale kuti pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage anagwiritsa ntchito mphamvu zoterezi kumanga anthu oposa 1,000, ena naphedwa ndi mfuti ku Nkhata Bay. Sanaiwalenso kuti Dzaleka imene lero isunga alendo inali ndende ya ana a dziko lino omangidwa popanda mlandu m'masiku a chipani chimodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: ndodo yosemedwera mlendo, ikakhala m'manja mwa wolamulira, sifunsa chiphaso cha amene ikumumenya. Ngakhale mu Epulo 2020, pamene mliri wa Covid-19 unagwedeza dziko lonse lapansi, Bwalo Lalikulu ku Lilongwe linaimitsa chiletso cha masiku 21 choti anthu abindikire m'nyumba.

Chodabwitsa n'chakuti khamu lalikulu kopambana linatipeza tili osauka kuposa lero, ndipo tinalisenza. Kuyambira 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a ku Mozambique anatsika ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi, kufikira anapitirira 1 miliyoni, m'dziko la anthu osakwana 10 miliyoni. Ku Nsanje alendo anaposa eni mudzi. Mafumu anagawa malo, pakuti ambiri mwa odzawo anali Asena, Achewa, Angoni ndi Ayao, abale a magazi amene mzere wa atsamunda unawasiya tsidya lina. Mitengo inatha, kolera inapha anthu m'misasa, izi sitingabise. Koma pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, unyinjiwo unabwerera kwawo, monga akulu ananenera kuti mlendo ndi mame.

Chimene chimasowa pa tsiku la khamu ndi alembi okwanira olembera anthu pamalire, malo okonzeratu, mijigo, zimbudzi ndi mankhwala. Mu 2016 anthu a ku Mozambique oposa 10,000 anapanikizana pa mudzi wa Kapise ku Mwanza miyezi ingapo, kufikira msasa wa Luwani ku Neno utatsegulidwanso. Ndipo ozembetsa anthu kuchokera ku Ethiopia kupita ku South Africa, amene ntchito yawo inaonekera m'manda a mitembo pafupifupi 30 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, lamulo lowalanga lilipo chiyambire 2015. Chofunika ndi wapolisi wosalandira chiphuphu pa rodibuloko.

Dzaleka, imene inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 mu 1994, tsopano ili ndi oposa 50,000, ndipo bungwe la WFP lakhala likuchepetsa thandizo la chakudya. Pobwezera komweko anthu amene ankadzidyetsa okha ndi malonda awo ku Lilongwe, boma linaonjezera pakamwa pa mphika wochepa kale. Ndipo ntchito yokonzanso lamulo la 1989, ndi yotsegula msasa wina, ikudikirabe akuluakulu a ku Capital Hill ndi aphungu a ku City Centre.