Mawu Atatu a ku Madziwa ndi Malire a Maphunziro a za Malaŵi

Pamene sukulu ya ukachenjede ifuna kukhazikitsa maphunziro a za mtundu wa anthu, pamabuka mafunso aŵiri: kodi mtunduwo umalekezera pati, ndipo ndi nthambi iti ya maphunziro imene ingaufotokoze mokwanira? Nkhani ino iyesa kuyankha mafunsoŵa poona mawu atatu okhudza Amalaŵi a m'dera la migodi la Bindura ndi Shamva ku Zimbabwe, kumene kuli Madziwa.

Madziwa unali mgodi wa nikelo wa kampani ya Bindura Nickel Corporation. M'migodi ndi m'mafamu a m'chigawo cha Mashonaland Central munali antchito ambiri ochokera ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique. Mbiri yawo njakale ndithu, pakuti sitalaka ya pa mgodi wa golide wa Shamva mu 1927 inatsogoleredwa ndi amuna a ku Nyasaland.

Liwu loyamba ndi la Chicheŵa, matchona. Katswiri wa chiyankhulo angasonyeze kuti lichokera ku mneni kutchona, ndiponso kuti limaonetsa maganizo a otsala kumudzi, amene ankayembekezera mbale wawo osabwera. Koma chimene chinachotsa amunawo kwawo chimafotokozedwa ndi wolemba mbiri: msonkho wa nyumba, ndi bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau lomwe linayamba mu 1903. Buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la mu 1976, likulongosola moyo wa m'makomboni a nthaŵi imeneyo.

Liwu lachiŵiri ndi la Chishona, mabhurandaya, lochokera ku dzina la mzinda wa Blantyre. Popeza Chishona cholembedwa chilibe l, m'malo mwake mwaloŵa r. Pakati pa makonsonanti paikidwa mavawelo, ndipo patsogolo pali mphatikiram'mbuyo ma- wa gulu 6. Liwuli limaphatikiza Acheŵa, Ayao, Atonga ndi Atumbuka ngati mtundu umodzi wa alendo, ndipo kaŵirikaŵiri limanenedwa monyoza. Kulemera kwake kumamveka bwino poŵerenga malamulo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachititsa kuti ambiri obadwira m'Zimbabwe mwa makolo akunja aŵerengedwe ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatsegulanso njira ya unzika kwa anthu otere, naika Chicheŵa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Liwu lachitatu ndi zvigure, dzina limene Ashona amatchulira Gule Wamkulu. Apanso l wasanduka r, ndipo tsinde la Chicheŵa lalandira mphatikiram'mbuyo zvi- wa gulu 8. Kumudzi, dambwe limakhala pansi pa mfumu yokhala ndi mzinda; m'komboni ya pa mgodi munalibe ufumu wotere, komabe gule anavinidwa pa maliro ndi pa zisangalalo. Mmene izi zinathekera ndi funso la wophunzira za miyambo ndi chipembedzo. Nkofunika kuzindikira kuti bungwe la UNESCO, polengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, linatchula Malaŵi, Mozambique ndi Zambia. Madambwe a ku Zimbabwe anatsala kunja.

Choncho palibe liwu ndi limodzi lomwe mwa atatuŵa limene nthambi imodzi ingalimasulire yokha. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso maphunziro a za Malaŵi olekezera pa malire a dziko angasiye kunja mibadwo ingapo ya anthu amene anasunga chiyankhulo ndi miyambo yawo kutali ndi kwawo.

Ntchitoyi siyofunika kuichedwetsa. Mgodi wa Madziwa unatsekedwa, ndipo pamalopo pali sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Akuluakulu amene anayenda ulendo wochokera ku Nyasaland akutha, pamene zidzukulu zawo zambiri zimayankhula Chishona tsiku ndi tsiku. Mpofunika kuti akatswiri a ziyankhulo, mbiri, malamulo ndi miyambo a ku Zomba, Harare ndi Bindura agwirizane zojambula mawu a akuluakuluŵa, kulemba mbiri za mabanja awo, ndi kuyerekeza Chicheŵa cha m'makomboni ndi cha ku Dedza kapena Kasungu, eni ake akadali moyo.