Matenda a Mavairasi ndi Kuiwalaiwala pa Ukalamba

M'sewero lija munamva za agogo amene anayamba kuiwala maina a zidzukulu zawo. Tsiku lina anasochera pochokera kuchitsime kumene akhala akutungako madzi zaka zambiri. Anthu ena m'mudzi anati ndi ufiti, koma anamwino anafotokoza kuti awa ndi matenda a ubongo otchedwa dementia. M'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 57 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa. Zoyambitsa zake n'zambiri, ndipo chimodzi chimene madokotala akuchifufuza ndi matenda a mavairasi amene munthu anadwala kale.

Kodi zimachitika bwanji?

Amayi, mukabayidwa ndi minga, pamalopo pamatupa, pamatentha ndiponso pamapweteka. Kutupako ndi nkhondo ya asilikali a m'thupi polimbana ndi tizirombo. Nkhondoyo ikatha, kutupa kumaphwa. Koma mavairasi ena amayambitsa kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso, kumene kumafika ku ubongo. Kukakhalitsa kapena kukamabwerezabwereza, asilikali aja amawononga ndi tizigawo tabwino ta ubongo. Zili ngati moto wotenthera zinyalala kumunda: ukapanda kuzimitsidwa, umakatentha ndi nkhokwe yomwe.

Kodi ndi mavairasi ati?

Katsabola. Mwana akachira katsabola, kachirombo kake sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mitsempha, ndipo thupi likafooka kamadzuka ngati mashingozi. Ku Wales katemera wa mashingozi anayamba kuperekedwa kwa okalamba m'chaka cha 2013. Ofufuza anatsatira anthu oposa 280,000 kwa zaka 7. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2025, zinaonetsa kuti katemerayu anachepetsa kuiwalaiwala ndi 20 peresenti.

HIV. Kachirombo aka kamatha kulowa mu ubongo munthu atangokatenga kumene. Popanda mankhwala, ena amayamba kuiwala ndi kuchedwa kuganiza angakhale asanakalambe. Ma ARV achepetsa kwambiri vuto limeneli.

Chikuku. Mwa ana ochepa, kachirombo ka chikuku kamatsalira mu ubongo n'kudzauwononga patapita zaka 7 mpaka 10.

Kodi aliyense wodwala matendawa adzaiwalaiwala?

Iyayi. Ambiri amachira ndipo amakalamba ndi nzeru zawo zonse. Matendawa amangowonjezera chiopsezo, monga momwe amachitira matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya ndi mowa.

Nanga inu mungachitepo chiyani?

1. Malizitsani katemera yense wa mwana kusikelo. Wa chikuku amabayidwa kawiri: pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15.

2. Kayezetseni magazi. Ngati muli ndi HIV, imwani ma ARV tsiku ndi tsiku osadumphitsa.

3. Mukaona matuza opweteka atandandalika mbali imodzi ya thupi kapena ya nkhope, pitani kuchipatala masiku 3 asanathe, pakuti ndi pamene mankhwala a mashingozi amagwira bwino ntchito.

4. Munthu akatentha thupi, mutu n'kumamupweteka kwambiri, khosi kuuma, kukomoka kapena kuyankhula zosamveka, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala.

5. Agogo akayamba kuiwalaiwala, apititseni kuchipatala. Nthawi zina chimene chawasokoneza ndi matenda ena ochizika. Musawakalipire, musawatsekere m'nyumba, ndipo musalole kuti anenedwe ufiti. Ndi odwala ofunika chisamaliro chanu.

Mafunso okambirana ndi anzanu

Kodi kwanu agogo oiwalaiwala amasamalidwa bwanji? Kodi khadi la kusikelo la mwana wanu likuonetsa katemera wachiwiri wa chikuku? Ngati palibe, funsani anamwino lero musanabwerere kunyumba.