Mutu 6: Chitetezo cha mthupi chikaukira mwini wake

Ambiri kuno kwathu tinamva za CD4 chifukwa cha kachilombo ka HIV. CD4 ikatsika munthu amadwaladwala, motero tinazolowera kuganiza kuti vuto la chitetezo cha mthupi ndi kuchepa basi. Komatu alipo matenda ena amene amabwera asilikali a mthupi ali okwanira ndiponso amphamvu, koma atasiya kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi.

Asilikali amene tikunena pano ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa ma lymphocyte. Onse amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Gulu la B limakhwimira momwemo, ndipo limapanga ma antibody, timapuloteni tomwe timamatirira tizilombo toyambitsa matenda. Gulu la T, momwe muli ma CD4 aja, limakakhwimira mu thymus, kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ntchito ya kachiwaloka inadziwika mu 1961, pamene Jacques Miller anakachotsa mu mbewa zongobadwa kumene n'kuona kuti zikulephera kudziteteza ku matenda.

Mu thymus selo iliyonse imayesedwa. Yomwe ikukakamira mwamphamvu mapuloteni a thupi lomwelo imaphedwa isanatuluke. Zina zimazembabe, koma zimaletsedwa kuchita chiwawa ndi kagulu kena ka maselo a T, komwe Shimon Sakaguchi wa ku Japan anakazindikira mu 1995. Iye analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2025 chifukwa cha ntchitoyi. Njira ziwirizi zikalephera, thupi limayamba kudzivulaza lokha. Chibadwa cha kumtundu chimathandizira, ndipo kusuta fodya kumawonjezera chiopsezo cha ena mwa matendawa.

Pa nyamakazi yotchedwa rheumatoid arthritis, maselo a T ndi B amaunjikana m'kachikopa kopyapyala kokuta malo olumikizana mafupa. Kachikopako kamatupa, kamakhuthala, kenako n'kuyamba kudya fupa. Nthendayi imakonda zala ndi mikono, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mayi amadzuka m'mawa zala zitauma gwa, osatha kumanga mfundo ya chitenje kapena kufinya chovala, mpaka ola lathunthu kapena kupitirira. Si nyamakazi ya ukalamba ija yobwera mafupa akaperepeseka. Iyi imagwira ngakhale wazaka 30.

Pa nthenda yotchedwa lupus, maselo a B amapanga ma antibody olimbana ndi zamkati mwa maselo a thupi, choncho khungu, impso, magazi ndi mfundo za mafupa zonse zimakhudzidwa. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 ndi akazi.

Palinso nthenda yofala kwambiri mu Africa muno, yogwira makamaka ana a zaka 5 mpaka 15. Imayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya wa streptococcus. Mapuloteni ake amafanana ndi a mtima wa munthu, ndiye asilikali akathana naye amatembenukira mavavu a mtima. Pakapita masabata awiri kapena atatu mwana amatentha thupi, bondo limatupa lero, mawa chigongono. Nthendayi ikamabwerezabwereza mavavu amawonongekeratu, n'chifukwa chake mwana wotere amabayidwa jekeseni wa penicillin masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri.

Pa rheumatoid arthritis ndi lupus, mankhwala amagwira ntchito yoziziritsa chitetezo, osati kuchikweza. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Hydroxychloroquine, wachibale wa chloroquine yemwe tinkamwa pa malungo, amathandiza a lupus. Rituximab amachotsa maselo a B m'magazi kwa miyezi ingapo. Popeza ambiri mwa mankhwala otere amafooketsa chitetezo, dokotala amayamba wayeza TB, HIV ndi matenda a chiwindi.

Fupa likadyeka silibwerera mwakale. Zala zikamatupa ndi kuuma m'mawa kwa masabata angapo, kapena mwana akadandaula pakhosi thupi likutentha, musataye nthawi ndi zogula mumsewu zomwe amati zimakweza chitetezo. Pitani kuchipatala msanga.