Tawuni inafera m'chipululu, koma pamapu akale ikadalipo

Usiku wina magetsi atathima, ndinatsala ndi foni yokha komanso bandulo yoti itha pakati pausiku. M'malo molowa pa TikTok, ndinapezeka ndili pa topoView, tsamba la USGS, bungwe la boma la America loona za nthaka ndi miyala. Bungweli linayamba kujambula mapu oonetsa mapiri ndi zigwa mu 1884, ndipo mapu akalewo anawaika pa intaneti kuti aliyense awaone mwaulere.

Ndinasankha chipululu cha ku Nevada, kufupi ndi Death Valley. Pa Google Earth malowo ndi fumbi ndi miyala basi. Koma nditatsegula mapu a zaka zoposa 100 zapitazo, ndinadzidzimuka: panali njanji, migodi ndi tawuni yotchedwa Rhyolite. Nanga inapita kuti?

Mu Ogasiti 1904, Shorty Harris ndi Ed Cross anapeza golide m'mapiri a kumeneko. Pofika 1905 tawuni inali itayamba kale. Mu 1906 mpondamatiki Charles Schwab anagula mgodi waukulu wa Montgomery Shoshone, ndipo posakhalitsa kunabwera magetsi, mabanki, sukulu ndi sitima zapamtunda. Anthu anafika masauzande angapo. Kenaka mu 1907 chuma cha America chinagwedezeka, golide wabwino nayenso n'kuyamba kusowa. Mgodi unatsekedwa mu 1911, ndipo kalembera wa 1920 anapeza anthu 14 okha. Lero kwatsala mabwinja, kuphatikizapo nyumba yomwe Tom Kelly anamanga ndi mabotolo.

Mapu amenewa ali ndi chinenero chawo, koma si chovuta ayi. Mizere yabulauni imalumikiza malo okwera mofanana: ikathithikana ndiye kuti paphiripo n'potsetsereka kwambiri, ikatalikirana ndi pachidikha. Zakuda ndi zomangidwa ndi anthu. Timabokosi ndi nyumba, mzere wokhala ndi timizere topingasa ndi njanji, ndipo mapiki awiri opingasana ndi mgodi. Zabuluu ndi madzi, ndipo mzere wabuluu wodukaduka ndi mtsinje woyenda nthawi ya mvula yokha.

M'chipululu yambani ndi zabuluuzo. Pomwe pali kasupe m'pomwe njira zimakumana. Beatty, tawuni yoyandikana ndi Rhyolite, ili m'mphepete mwa mtsinje wa Amargosa ndipo mukadali anthu mpaka lero. Rhyolite inamangidwa pafupi ndi golide, madzi ankachita kuwakoka ndi mapaipi. Golide atatha, panalibenso chokhalira.

Ine ndimatsegula mapu awiri kapena atatu a dera lomwelo, a zaka zosiyana, n'kumaona zomwe zabwera ndi zomwe zasowa. Kenaka ndimayerekeza ndi chithunzi cha setilaiti. M'dera louma zipsera sizipola msanga, moti pomwe panadutsa njanji pamaonekabe ngati kamzere ngakhale zitsulo anazizula kalekale. Onaninso timalemba ta m'mphepete mwa mapu, chifukwa chaka chomwe anayeza malo chimatha kusiyana ndi chaka chomwe anasindikiza. Mafailo ena ndi aakulu, ndiye ngati bandulo ndi yochepa sankhani JPEG.

Koma mapu samanena zonse. Anthu a mtundu wa Timbisha Shoshone akhala ku Death Valley kuyambira kalekale ofuna golide asanafike, komabe mapu omwe ndinaona anadzaza ndi mayina a migodi. Malo awo ena boma la America linawabwezera mwalamulo mu 2000. Wojambula amalemba zomwe wamutumayo akuzifuna.

Apa m'pomwe ndinakumbukira agogo anga. Amatchula dambo ndi chitsime zomwe ine sindinazionepo, chifukwa pamalopo pano pali minda ndi nyumba. Kuno kwathu nako kuli mapu akale, omwe bungwe la Britain la Directorate of Overseas Surveys linajambula kuchokera pa zithunzi za m'ndege. Dambolo mwina lilipo pamapuwo, koma dzina lake ndi anthu omwe ankatunga pachitsimecho akuwadziwa ndi agogo okha, ndipo zaka zawo zapita.

Mawa lake ndinawaimbira foni. Anayamba aseka kaye, kenaka anati nditenge cholembera.